Nkhani Zothamanga Ziiwalitsa Mabvuto Okhalitsa

M'mwezi wa Febuluwale caka ca 2020 kunali kobvuta kupeza mudzi kapena komboni muno m'Zambia kumene sikunali kukambidwa za anthu osadziwika amene mbiri inamveka kuti ali kupopera mankhwala okomola m'nyumba za anzao usiku. Mbiriyo inayambira ku Chingola, ndipo pa masabata owerengeka okha inali itafika ku Lusaka, ku Chipata ndi ku maboma ena ambiri. Amuna analeka kugona m'nyumba nayamba kucezera m'njira, zibonga ndi nkhwangwa ziri m'manja. Ana a sukulu anali kuthawa m'makalasi akangomva kafungo kacilendo. Boma linatulutsa asilikali kuti athandizane ndi apolisi. Pofika kuciyambi kwa Malichi, anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa ndi makamu a anthu okwiya, ndipo pakati pa ophedwawo panali alendo ongodzipitira amene mlandu wao unali wakuti nkhope zao sizinadziwike pamalopo.

Pa 18 Malichi, Unduna wa za Umoyo unalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi matenda a Covid-19 m'dziko lino. Patapita masiku awiri sukulu zonse zinatsekedwa. Kucokera pamenepo wailesi, manyuzipepa ndi malamya a m'manja zinadzala ndi nkhani za kusamba m'manja ndi kubvala zophimba pakamwa, ndipo nkhani ya opopera mankhwala inazima ngati moto wa mapesi. Apolisi anali atagwira anthu ena, koma milandu yao inayenda makutu a dziko ali kwina, ndipo ndi ocepa amene anatsata kumene inathera. Amasiye a anthu ophedwa aja anatsala okha ndi cisoni cao.

Zimene zinacitika m'miyezi iwiri imeneyo zionetsa mphamvu imene nkhani zothamanga ziri nayo pa maganizo a anthu. Zitha kusonkhanitsa maso a dziko lonse pa cinthu cimodzi lero, ndi kuwacotsapo mawa lake, bvutolo lisanathe, mafunso ake asanayankhidwe. Kumene maso a anthu aloza nkumenenso kumapita ndalama, magalimoto a boma ndi thandizo la maiko akunja. Cifukwa cake munthu wa kumudzi, amene mabvuto ake ambiri amabwera mwakacetecete ndi kukhalitsa, ndiye amene amatsalira m'mbuyo pa liwiro limeneli.

KALE NKHANI INALI KUGONERA

Akuluakulu akumbukira nthawi imene nkhani inali kuyenda pa liwiro la njinga. Nyuzipepa ya Mutende, imene boma la atsamunda linayamba kusindikiza mu 1936 m'zinenero zingapo kuphatikizapo Cinyanja, inali kufika ku midzi ya kutali patapita masabata, ndipo tsamba limodzi linali kudutsa m'manja ambiri mpaka kung'ambika. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka Saucepan Special, kooneka ngati poto, kamene Harry Franklin, mkulu wa za mauthenga m'boma la Northern Rhodesia, analimbikira kuti kapangidwe. Pakhomo pamene panali kawailesi kameneka mudzi wonse unali kusonkhana madzulo. Nkhani za masiku amenewo zinali zosankhidwa ndi atsamunda, ndipo zambiri zinali kubisidwa. Koma imene yafika inali kukambidwa pabwalo kwa masiku angapo, akulu naitembenuza uku ndi uku, popeza panalibe ina yoithamangitsa.

Lero zinthu zasintha. Wailesi ziulutsa nkhani ola liri lonse. Lamya ya m'manja ilandira mauthenga usana ndi usiku, ndipo mwana wa ku Lusaka atha kutumizira make ku Katete cithunzi ca ngozi imene yacitika mphindi zocepa zapitazo. Nkhani ya m'mawa ikafika madzulo yakalamba kale. Mu 2019 akatswiri ena a ku Ulaya, motsogoleredwa ndi Philipp Lorenz-Spreen, anaonetsa zotsatira za kuwerenga kwao pa Twitter, imene tsopano ichedwa X. Anapeza kuti mu 2013 nkhani yochuka inali kukhala pakati pa nkhani 50 zokambidwa koposa kwa maola 17.5, koma pofika 2016 inali kukhalapo maola 11.9 okha. Nkhani zinaculuka, koma maola a tsiku ndi makutu a munthu sizinaculuke. Tero iri yonse yatsopano ilowa mwa kukankha inzake.

CIMENE CISANKHA NKHANI

Nthawi ya nkhani pa wailesi ndi mphindi 10 kapena 15, ndipo tsamba loyamba la nyuzipepa liri ndi malo a mutu waukulu umodzi wokha. Mkonzi ayenera kusankha, ndipo posankha afunsa ngati cinthuco ncatsopano, ngati ciri ndi cithunzi, ndiponso ngati cacitikira pafupi ndi kumene kuli mtolankhani. Basi yogubuduka pa msewu wa Great East Road ikwaniritsa zonsezi. Mlatho wa kumudzi umene unakokoloka zaka zitatu zapitazo sukwaniritsa ngakhale cimodzi, cinkana amai apakati alephera kufika ku cipatala kaamba ka mlathowo. Kutumiza mtolankhani kucokera ku Lusaka kunka ku Chama kapena ku Vubwi kulira mafuta a galimoto, malo ogona ndi masiku angapo, pamene msonkhano wa andale mu hotela ya mu mzinda ungolira theka la ola.

Pa Facebook ndi pa TikTok osankha ndi makina a kompyuta amene aphunzira cimene cikoka maso a munthu ali yense. Eni ake a makinawa apeza ndalama mwa kugulitsa malo otsatsira malonda, motero afuna kuti munthu akhalitse pa lamya. Nkhani yoopsa, yokwiyitsa kapena yoseketsa ndiyo imene anthu atumizirana koposa, ndipo makinawo akaona kuti yayamba kuyenda aikankhiranso kwa anthu ena ambiri. Pa WhatsApp palibe ndi mkonzi yemwe. Uthenga ucokera kwa mlamu kapena kwa mnansi wa ku chalichi, ndipo kuukayika kuoneka ngati kunyoza wotumizayo. Umu ndi momwe mbiri za opopera mankhwala zinali kufikira m'mudzi usiku, apolisi asananene kanthu.

Kuti zosankha zimenezi ziumba maganizo a anthu cinaonetsedwa kalekale. Pa masankho a mu 1968 ku America, aphunzitsi awiri, Maxwell McCombs ndi Donald Shaw, anafunsa anthu 100 a m'tauni ya Chapel Hill amene anali asanasankhe womuvotera kuti achule mabvuto akulu a dziko lao. Atayerekeza mayankhowo ndi zimene manyuzipepa ndi wailesi za kanema zinali kuika patsogolo, anapeza kuti zinali kufanana kwambiri. Zimene anasindikiza mu 1972 zinaphunzitsa kuti ofalitsa nkhani angalephere kusintha maganizo a munthu pa nkhani ina yake, koma ali ndi mphamvu yaikulu yomusankhira nkhani yoti aiganizire. Munthu atha kutsutsa zimene wailesi yanena. Zimene wailesi sinachule, kawirikawiri sizifika ndi m'maganizo mwake momwe.

MASO AKAPITA, NDALAMA ZITSATIRA

Cikhala kuti zonsezi zinali kungothera m'maceza a pa mowa, pakadapanda cobvuta. Koma mbiri ya maiko a mu Africa ionetsa kuti miyoyo ya anthu imadalira kumene makamera aloza.

Kumpoto kwa dziko la Ethiopia anthu anali kufa ndi njala kwa miyezi yambiri m'caka ca 1984, ndipo mabungwe othandiza anali atacenjeza kale, koma maiko olemera sanafulumire. Pa 23 Okutobala caka cimeneco wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa zithunzi za ku Korem zojambulidwa ndi Mohamed Amin wa ku Kenya, pamodzi ndi mau a mtolankhani Michael Buerk. Wailesi zoposa 400 pa dziko lonse zinaonetsanso zithunzizo. Thandizo linayamba kusefukira, ndipo pa 13 Julayi 1985 oimba ochuka anacita cisangalalo ca Live Aid ku London ndi ku Philadelphia pofuna kusonkha ndalama. Njalayo inali yomwe ija ya dzana ndi dzulo. Cimene cinasintha ncakuti anthu a kutali anaiona ndi maso. Komanso nkhani zambiri za masiku amenewo zinangonena za cilala, osafotokoza mokwanira za nkhondo ya pa ciweniweni ndi macitidwe a boma la Mengistu Haile Mariam, zimene zinakulitsa njalayo. Nkhani yothamanga ikonda cifukwa cimodzi cosabvuta kumva.

Citsanzo cina cicokera kwa anansi a ku Mozambique. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi 2000 mtsinje wa Limpopo ndi mitsinje ina ya kum'mwera inasefukira, nimiza matauni monga Chokwe ndi Xai-Xai, ndipo anthu pafupifupi 700 anafa. Pa 1 Malichi, pafupi ndi Chibuto, mai wina amene anathawira mu mtengo anabereka mwana ali m'mwamba momwemo, ndipo ndege ya helikopita ya asilikali a ku South Africa inawanyamula onse awiri makamera ali kujambula. Cithunzico cinazungulira dziko lonse. M'mwezi wa Meyi maiko anakumana ku Rome nalonjeza ndalama zokwana madola a ku America pafupifupi 450 miliyoni. Miyezi inai yokha m'mbuyo mwake, mu Okutobala 1999, namondwe anali atapha anthu pafupifupi 10,000 m'cigawo ca Orissa ku India. Kumeneko makamera a maiko akunja anali ocepa, ndipo thandizo locokera kunja linali locepa kwambiri poyerekeza ndi la ku Mozambique.

Akatswiri awiri a za cuma, Thomas Eisensee ndi David Strömberg, anasanthula masoka pafupifupi 5,000 amene anagwa pakati pa 1968 ndi 2002, nasindikiza zimene anapeza mu 2007. Anaona kuti tsoka likagwa pa nthawi imene wailesi za kanema za ku America zatanganidwa ndi zina, monga masewera a Olympics, silimveka kwambiri, ndipo mwai wakuti boma la America litumize thandizo umacepa. Anapezanso kuti njala iyenera kupha anthu oposa 38,000 kuti imveke monga momwe limvekera phiri lophulika limene lapha munthu mmodzi, ndi kuti pafunika kufa anthu 45 a mu Africa kuti nkhani ifanane ndi ya munthu mmodzi wa ku Ulaya. Phiri lophulika liri ndi moto ndi utsi wojambula. Njala ilibe coonetsa mpaka anthu ataonda mafupa okhaokha, ndipo pamenepo nkuti nthawi yatha kale.

NJALA SIITHAMANGA

Alimi a m'dziko lino anaziona zimenezi ndi maso ao pa cilala ca 2024. Mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale, cimanga ciri pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anaonongeka. Mu Epulo boma linanena kuti anthu 6.6 miliyoni afunika thandizo ndi kuti nchitoyo ifuna K23.5 biliyoni. Zokolola za cimanga zinatsika kucoka pa matani oposa 3.2 miliyoni mu 2023 kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni. M'masabata amenewo zithunzi za minda yofota zinali ponseponse.

Koma mlimi ali yense adziwa kuti mwezi umene cimanga cifota si mwezi umene mwana agona ndi njala. Mu Malichi ndi Epulo pamakhala pali kadzungu, kambatata ndi timatumba towerengeka ta m'munda. Njala yeniyeni ifika nkhokwe itagwa pansi, ndipo iluma koposa kuyambira Disembala mpaka Malichi wa caka cotsatira. Imeneyo ndiyo nthawi imene mbuzi zigulitsidwa pa mtengo wotaya, mbeu yosungira kubzala iphikidwa, mai asiya munda wake nakalima ganyu m'munda wa wina, ndipo ana aleka sukulu. Zonsezi zicitika khomo ndi khomo, mopanda phokoso, ndipo palibe tsiku limodzi limene mtolankhani angaloze kuti njala yagwa lero.

Pamene miyezi imeneyo inali kuyandikira, cilala comweco cinali citabala nkhani ina yomveka koposa. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti pofika Seputembala 2024 magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Limenelo linali bvuto lalikulu ndithu, pakuti linapha nchito za ometa, owocherera zitsulo ndi ogulitsa nyama ndi nsomba za m'firiji. Komanso linali bvuto la m'matauni, kumene kukhala atolankhani, akonzi ndi anthu ambiri olemba pa Facebook. Ali yense wa iwo anali kulimva m'nyumba mwake usiku uli wonse. Midzi yambiri ilibe magetsi, ndipo bvuto lake linali la ufa. Boma ndi mabungwe anapitiriza kugawa ndalama za thandizo, kugulitsa cimanga ca FRA m'madera ndi kupereka nchito zolipidwa za Cash for Work, ndipo atolankhani ena sanaleke kulemba za izi. Koma funso lakuti thandizolo lafika pa mudzi uti ndipo lalumpha mudzi uti silinali kupikisana mofanana ndi funso lakuti magetsi abwera ola lanji. Mu 2025 mvula inagwa bwino, zokolola zinaposa matani 3.6 miliyoni, ndipo nkhani ya cilala inatsekedwa. Ngongole za caka ca njala ndi makola opanda mbuzi zinatsala m'midzi.

BVUTO LOIWALIKA LIBWERANSO

Mu 1972 katswiri wina wa ku America, Anthony Downs, anafotokoza njira imene bvuto liyendamo m'maganizo a anthu. Poyamba bvuto likhalapo koma lidziwika kwa olimva okha ndi kwa akatswiri. Kenaka cinthu cina codzidzimutsa cicitika, anthu onse nadzuka ndi mantha, nafuna kuti lithe lero lomwe. Pambuyo pake ayamba kuzindikira kuti kulithetsa kufuna ndalama zambiri, nthawi yaitali ndi kudzimana. Atatero cidwi ciyamba kuzirala. Ena atopa, ena agwa mphwayi. Potsiriza nkhani ina itenga malo, bvutolo libwerera mu mdima liri lamoyo.

Mbiri ya kolera mu Lusaka itsata mapazi amenewa. Matendawa anabuka mu Okutobala 2017, ndipo pofika pakati pa 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala, pafupifupi 100 atafa. Asilikali analowa m'misika kukacotsa zinyalala, ogulitsa m'misewu anathamangitsidwa, zitsime zosazama zinakwiriridwa, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Matenda atatha, makamera anacoka. Nchito yokumba ngalande, kuika mipope ya madzi ndi kumanga zimbudzi zabwino m'makomboni monga Kanyama ndi ya zaka zambiri, ndipo ilibe tsiku limodzi locititsa cidwi. Mu Okutobala 2023 kolera inabukanso, ndipo ulendo uno inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko lonse. Bwalo lomwe lija linasandukanso cipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale.

Alipo mabvuto ena amene safika ndi pa siteji ya mantha yomwe. Malinga ndi Unduna wa za Umoyo, malungo anapha anthu oposa 1,500 m'caka ca 2023, kuwirikiza kawiri ophedwa ndi kolera ija. Koma malungo apha mwana mmodzi kuno, wina uko, caka ndi caka, ndipo anthu anawazolowera. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'dothi la makomboni oyandikana nao, ndipo liononga ubongo wa ana pang'onopang'ono. Nkhani imeneyi imamveka pamene bungwe lakunja latulutsa lipoti, kapena pamene mlandu wakambidwa m'khoti, monga umene unasumidwa ku Johannesburg mu 2020. Pakati pa masiku oterowo ana apitiriza kusewera m'fumbi lomwelo.

LIWIRO LIRI NDI UBWINO WAKE

Nkulakwa kuganiza kuti kuthamanga kwa nkhani nkoipa kokhakokha. Pamene nchembere zandonda za mtundu wacilendo zinagwa m'minda ya cimanga mu Disembala 2016, mbiri inayenda msanga pa wailesi ndi pa malamya, alimi anayamba kuyendera minda yao m'mawa uli wonse, ndipo boma linatuma ndege za asilikali kunyamula mankhwala kunka ku zigawo. Cenjezo la namondwe kapena la matenda a ng'ombe likafika ola limodzi msanga, lipulumutsa miyoyo ndi cuma. Kanema wojambulidwa pa lamya woonetsa wa nchito za boma ali kulandira ciphuphu atha kucita pa tsiku limodzi zimene makalata a madandaulo analephera kwa caka. Liwiro lithandiza pa zinthu zofuna kucitapo kanthu lero. Pa zinthu zofuna kulondola kwa zaka, monga madzi, misewu, nkhalango zimene ziri kutha ndi nthaka imene iri kuguga, pafunika khalidwe lina, ndilo kukumbukira.

UDINDO WA OMVERA NDI WA OFALITSA

Womvera wa kumudzi sangathe kucepetsa liwiro la makina a Facebook, koma sali wopanda mphamvu. Coyamba ciri pa iye mwini. Uthenga woopsa ukafika pa lamya, ayenera kufunsa kuti wanena ndani, zacitikira kuti, ndipo zacitika liti, asanautumize kwa wina. Zithunzi zambiri zoyenda pa WhatsApp nzakale kapena nza ku maiko ena. Mfumu, mphunzitsi, wa za umoyo kapena wapolisi wa pafupi atha kufunsidwa mudzi usananyamule zibonga. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo m'caka ca 2020 kusafunsa kunadyetsa anthu osalakwa imfa.

Caciwiri ndico kusalola kuti nkhani ya pamudzi ife cifukwa cakuti ya ku Lusaka yasintha. Wailesi za m'madera, monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata kapena Radio Chikaya ku Lundazi, ziri ndi mapulogalamu olandira malamya ndi makalata a omvera m'cinenero cao. Dandaulo la munthu mmodzi lonenedwa kamodzi liuluka ndi mphepo. Koma gulu la alimi kapena la amai likalemba tsiku limene khansala kapena phungu analonjeza mjigo, nilibwerera ku wailesi mwezi ndi mwezi kukanena kuti papita miyezi yakuti mjigo usanakumbidwe, limapanga nkhani yatsopano kucokera ku bvuto lakale. Ciwerengero ca miyezi cimakula, ndipo mkonzi apeza mutu wolemba.

Zipangizo zofunsira zirikonso. Ndalama za citukuko za m'dera la phungu ali yense, zochedwa CDF, zinakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zofuna za anthu ziyenera kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Mu Disembala 2023 kunasainidwa lamulo la Access to Information, limene lipatsa nzika ufulu wopempha maofesi a boma kuti aionetse zolembedwa zokhudza nchito zao. Mudzi umene udziwa kuti ndalama za cipatala cao zinabvomerezedwa liti, ndi kuti kontrakita anapatsidwa zingati, sudikira kamera yocokera kutali kuti ufunse mafunso.

Ofalitsa nkhani nao ali ndi ngongole kwa omvera ao. Mkonzi wanzeru asunga buku la malonjezo ndi masoka, ndipo pakapita miyezi itatu kapena caka atuma mtolankhani kubwerera kumene makamera anacoka. Nkhani ya cilala yolembedwa mu Febuluwale iyenera kukhala ndi mnzake mu Disembala. Nkhani ya kolera yolembedwa m'dzinja iyenera kukhala ndi mnzake m'cilimwe, pamene ngalande ziyenera kukumbidwa. Nchito imeneyi ndi yodula ndipo siibweretsa omvera ambiri tsiku lomwelo, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Wailesi kapena nyuzipepa imene anthu adziwa kuti siiwala, akuluakulu a maudindo amaiopa koposa imene ingofuula tsiku limodzi.

Nkhani zidzapitiriza kuthamanga, ndipo malamya adzaculukirabe m'midzi. Sabata iri yonse idzabwera ndi cake cocititsa mantha kapena coseketsa. Pomvera zimenezo, munthu wa kumudzi acita bwino kusunga funso limodzi ndi kulifunsa kwa mfumu, kwa khansala, kwa phungu ndi kwa wailesi ya kwao: nanga zija zinamveka mwezi watha zinatha bwanji?